Pepala Lopanda Mutu

Ku Tsangano kuno, mukadutsa msika n'kutsetsereka ndi njira ya kudambo la Kamwazi, mufunse za amake Neusa. Aliyense adzakuuzani zinthu ziwiri: kachewere wa m'dimba mwawo ndi wamkulu ngati chibakera, ndipo eni akewo ndi amantha osasimbika. Dzina lawo la ubatizo ndi Ercília António, koma limenelo limamveka pokhapokha akamaitana maina papepala. Mota, njinga yamoto ija, ikalira kumsewu, iwo khasu pansi, khosi m'mwamba, kumvetsera ngati yaima. Galimoto ya magalasi akuda ikadutsa, tsiku limenelo kudimba sabwereranso. Anthu ankawaseka, ndipo ambiri owasekawo sankadziwa kumene manthawo anachokera.

Ercília anabadwira ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga. Nkhondo inamupeza ali kamtsikana kongoyamba kumene kusinja. Anathawa ndi amayi ake ndi kamlongo kake Dinis, ulendo wa masiku ambiri, mpaka anafika kumsasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu, kutsidya kwa malire. Kumsasako chakudya chinkayendera lisita. Dzina lako likhale papepala, udinde chala, ulandire ufa ndi nyemba. Basi.

Tsono tsiku limene olemba maina anabwera, Dinis anali akutsegula m'mimba, ndipo amayi ake anapita naye kuchipatala, Ercília akuwanyamulira madzi. Pobwerako anapeza olemba aja atanyamuka kale. "Mudikire mwezi wamawa," anatero amene anatsala. Mwezi wamawa, abale! Anzawo anawagawirako pang'ono, koma ogawawo nawonso anali ndi ana. Ercília ndiye ankabereka Dinis, ndipo ankamva yekha kumsana kwake mwanayo akupepuka tsiku ndi tsiku. Olemba aja atabweranso anapeza maina awiri, osati atatu.

Kuyambira pamenepo amayi ake anali ndi lamulo limodzi. "Mwanawe, ukaona anthu akulemba maina, usafunse. Dinda kaye, uzikafunsa uli m'kati."

Nkhondo itatha mu 1992 anabwerera, koma ku Chidzolomondo anapezako mabwinja okhaokha. Anadzakhala kuno kwa azakhali awo, ndipo Ercília anakwatiwa ndi Felisberto, mnyamata wa m'mudzi wa pafupi ndi dambo. Anatsegula dimba lawo limodzi, analimamo zaka zoposa makumi atatu, analerera momwemo Neusa ndi abale ake. A Felisberto anamwalira, dimba linatsala m'manja mwa mayiwo. Pepala la dimbalo analibe. Ndani m'dambo lonse la Kamwazi anali nalo?

Lamulo la amayi awo sanalitaye. Lisita ya katemera, ya mbewu, ya masikito, ya chiyani kaya, amake Neusa ankakhala oyamba pamzere nkhuku zisanatuluke m'khola. Ndipo si iwo okha. Onse amene anadya ufa wa kumsasa ali ndi matenda omwewo, akaona munthu wanyamula pepala ndi tinta, chala chimayamba kuyabwa chokha.

N'chimene chinawalowetsa m'gulu la Chilungamo ndi Mtendere, lija ena amati Justiça e Paz. Lamulungu lina Misa itatha pakapela, anaona pepala likuyenda ndipo anadinda msangamsanga, poyesa kuti ndi za mbewu. Sabata yotsatira anamva katekista akulengeza kuti amake Neusa adzipereka kukhala mlonda wa chilungamo m'mudzi mwawo. Kapela yonse inagwa ndi phwete. Mlonda! Munthu woti akamva mota amabisala m'nthochi! Eni ake anafuna kukana, koma kukana nakonso ankakuopa.

Gululo ankaliyendetsa Irima Clara, sisitere wamfupi woyenda pamota, wolankhula mosapsatira. Zimene ankaphunzitsa zinkawazunguza mutu abambo ambiri. Ati mtsikana malo ake ndi kusikola, osati kubanja, ngakhale atatenga mimba abwerere m'kalasi. Ati mkazi wamasiye asalandidwe munda. Ati mtsinje ndi dambo ndi za Mulungu, tinangobwereka kwa adzukulu athu. Ati amene walima malo zaka zambiri, anansi n'kumuchitira umboni, malowo ndi ake pamaso pa lamulo ngakhale alibe pepala, ndipo mlendo akafuna malo ayambe wafunsa mudzi wonse, amayi omwe. Abambo ena ankang'ung'udza kuti masisitere alowa ndale, azingopemphera korona. Irima Clara ankangoti, "Korona ndimapemphera m'mawa. Masana ndimawerenga lamulo."

Amake Neusa sadziwa kuwerenga, ndipo anauza sisitereyo poyera kuti asankha munthu wolakwika. Irima Clara anatenga pepala, n'kuloza pamwamba pake.

"Amayi, apa mukuonapo chiyani?"

"Palibe, Irima. Poyera."

"Mwawerenga bwino kwambiri. Pepala loona limakhala ndi mutu wonena chimene mukudindira, ndipo amakuwerengerani mokweza. Likakhala loyera pamwamba, mutu wake akaulembera kwina, inu kulibe. Ntchito yanu ndi yomweyo."

Irima anawauzanso zimene zinachitika kumudzi wina kwawo kwa mayiwo, ku Macanga. Alendo anaitanitsa msonkhano, anagawa refresiko, zakumwa za m'mabotolo zija, ndi mapau, timabuledi tija, anthu n'kudinda kuti alandira. Patapita miyezi, pepala lomwelo linatuluka lili ndi mutu wakuti mudzi wonse wavomera kupereka minda. Katekista wa kumeneko, a Petro, anayesa kulondola nkhaniyo. Anawapeza m'mbali mwa msewu wa ku Furancungo, njinga uko, iwo uko, mwendo wothyoka pawiri. Amene anawamenya sanadziwike mpaka lero. Amake Neusa atamva zimenezo anapempha Mulungu kuti pepala lotero lisadzafike ku Kamwazi iwo ali moyo.

Linafika chaka chathachi, mwezi wa Juni, kukuzizira kothetsa nzeru.

Amene anabweretsa uthenga anali a Vicente, mng'ono wake wa malemu Felisberto, amene anali atapeza ganyu yosonkhanitsa anthu ku empereza ina, kampani yodzala mitengo ya bulugamu. Anawapeza mayiwo akuthirira m'dimba.

"Alamu, mawa m'mawa kubwalo la sikola kuli msonkhano. Kuli refresiko, kuli makapulana, zitenje za amayi onse. Mubwere ndi chala chanu."

"Mawa? Suja munati Loweruka, alamu? Irima apita ku Tete, abwera Lachisanu."

"Asintha tsiku. Akuluakulu ndi otanganidwa." A Vicente anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndikukutsinani khutu ngati m'bale. Za kukapela zija muzisiye kukapela. Anthu awa si anzathu. A Petro mukuwadziwa, si a kwanu?"

Atachoka, amake Neusa anakhala pansi pamzere wa kachewere. Bulugamu amamudziwa bwino, amamwa madzi osasiya. Akadzalidwa m'mphepete mwa Kamwazi, zaka zitatu sizikwana dambo lauma gwa. Ndipo popanda dimbali iwo ndi yani? Mkazi wamasiye wopanda kwawo kobwerera. Anayesa kuimbira Irima pafoni ya mnansi, koma foni inangolira osayankhidwa. Anaganiza zodzidwalitsa. Anaganiza zopita kwa Neusa kumsika n'kukakhala komweko mpaka zithe. Koma mtima wina unkawauza kuti kukulembedwa maina mawa, ndipo iwo sanaphonyepo lisita chiyambire imfa ya Dinis.

M'mawa nkhungu inali itakuta bwalo lonse. Galimoto ziwiri za magalasi akuda zinaima pafupi ndi mbendera. Panali tebulo, makereti a refresiko, mulu wa makapulana onunkhira sitolo. Mkulu wa alendowo, Sinyoro Hélio, bambo woonda wa jekete labwino, analankhula Chipwitikizi chofewa, a Vicente akumasulira. Ati empereza yabwera kudzamva maganizo chabe. Ati padzakhala ntchito, padzakhala mjigo. Za dambo anangozilambalala. Pomaliza anati aliyense adinde papepala kusonyeza kuti analipo, kenako alandire zake.

Apa ndiye panaipa. M'mudzi muja aliyense amadziwa amene amayamba pamzere. Amayi anadzipatula okha n'kusiya njira. "Amake Neusa ayambe! Malo awo amenewo!" Ena ankaseka. Kumbuyo kwawo kunandanda amayi onse a m'dambo, ambiri a iwo anzawo a kumsasa, zala zili chire.

Anayenda okha mpaka patebulo. Anayang'ana pepala. Mizere, mizere, mizere ya maina. Pamwamba pake poyera ngati ufa.

Mungaganize kuti anakuwa pomwepo. Ayi ndithu. Dzanja lawo linapita lokha, monga lakhala likupitira zaka zonsezi, chala chachikulu n'kumira mu tinta. Anamva mawu a amayi awo m'khutu, omveka bwino kuposa a Vicente: dinda kaye, uzikafunsa uli m'kati. Chala chinafika pamwamba pa pepala, kadontho ka tinta kali lende. Anaopa galimoto zija. Anaopa msewu wa ku Furancungo. Koma koposa zonse anaopa kuchoka patebulopo dzina lawo lisanalowe, chifukwa thupi lawo lonse linkadziwa kuti wosalembedwa amaika mwana m'manda.

"Dindani, alamu, anthu akudikira," anatero a Vicente.

Mayiwo anacheuka. Anaona mzere uja, wautali mpaka kumpanda wa sikola, aliyense akuyang'ana dzanja lawo. Iwo akadinda, onsewo adinda. Dambo lipita lisanafike dzuwa pamutu.

Anabweza chala n'kuchipukutira pachitenje chawo.

"Pepani, bambo," anatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono ngati a mwana. "Mutu wa pepalali uli kuti?"

"Mwati bwanji, alamu?"

"Ndati pamwambapa m'poyera. Tikudindira refresiko kapena tikudindira dambo? Alembe kaye, atiwerengere, tidinde tikudziwa."

A Vicente sanamasulire, koma Sinyoro Hélio anamva ndithu, chifukwa kumwetulira kunachoka. Ananena kuti mutu akaulemba kuofesi ndi makina, ndi mmene zimakhalira. Mayi wina kumbuyo anafunsa kuti nanga cholembera chili m'thumba lawolo n'chosalemba? Wina anati, "Amake Neusa akana lisita? Amake Neusa enieniwa? Ndiye kuti muli njoka m'menemo." Ameneyo anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Mnzake anakhala. Mzere wonse wa amayi unaphwa kuyambira kutsogolo mpaka kumpanda. Abambo angapo anadinda n'kutenga refresiko yawo, koma ankamwa moyang'ana kumbali, ndipo pepala linatsala ndi zala zosakwana ndi khumi zomwe.

Alendo anayamba kulongedza. Makapulana anabwerera m'galimoto momwe anabwerera. Amake Neusa anali chiimire patebulo, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa cha mantha omwewo.

Ndipo Sinyoro Hélio anawayandikira. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kabuku kakang'ono kakuda ndi cholembera chija, anatsegula tsamba loyera, n'kulankhula Chichewa chomveka bwino chimene anthu sankadziwa kuti ali nacho.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

A Vicente anagwetsa nkhope pansi. Aliyense pabwalopo anadziwa kuti kabuku kameneko si ka mbewu.

Moyo wawo wonse mayiwa ankathamangira kulembedwa. Lero wolemba anawadzera yekha, tsamba lonse la iwo okha. M'maganizo anaona msewu wa ku Furancungo ndi njinga itagona m'mbali mwake.

"Ercília António," anatero.

Bamboyo analemba mosafulumira.

"Mulembenso Dinis António," anawonjeza mayiwo, misozi ikutsika. "Ameneyo ndi mlongo wanga. Anzanu anamuiwala."

Irima Clara atabwera Lachisanu anapita ndi nkhaniyo kwa maloya a dayosizi, ndipo mpaka pano bulugamu sanadzalidwe ku Kamwazi. Koma nkhani sinathe, ndipo kabuku kaja kali komwe kali. Amake Neusa sapitanso okha kumsika. Mantha awo sanachepe, achita kuwonjezeka, ndipo amanena okha osabisa.

M'mawa uliwonse amatsikirabe kudimba ndi ndowa yawo. Mota ikalira kumsewu, khasu pansi, khosi m'mwamba, monga kale. Kungoti masiku ano m'dambo monse makasu amaima limodzi ndi lawo, ndipo palibe amene amaseka.