Zitini Khumi za Che Saidi

Ndiyambe n'kuulula uchitsiru wanga, chifukwa ndikapanda kutero akazi anga aulula okha, ndipo iwo amathira mchere wambiri. Ndili mwana ku Nkaya ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti nyimbo ikagwa pa bolodi la Che Saidi, apolisi amapita kukagwira woimbayo ku Blantyre n'kumulanda gitala. Ndinkaganizanso kuti manambala a pa bolodipo amabwera pa sitima, mu envulopu ya boma. Musandiseke kwambiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo ngakhale pamenepo aphunzitsi anachita kundikankha kuti ndiwachoke pamaso.

Che Saidi anali telala, ndipo nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, njira yopita kusiteshoni itadutsa pakati. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la makala a mu nsimbi, la nsalu yatsopano ndi la mafuta a makina, ndimamvanso kulira kwa makinawo kukulimbana ndi wailesi yomwe mabatire ake ankayanikidwa padenga ngati makaka kuti apezeko mphamvu. Pakhoma la khonde anakhomapo chitseko chakale chopakidwa zakuda, ndilo bolodi lija. Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankatenga choko n'kulembapo nyimbo khumi, kuyambira yokondedwa koposa. Yokwera ankaijambulira muvi woloza kumwamba, yotsika woloza pansi. Mayina enieni a nyimbozo analibe nawo ntchito, ankazitcha okha: Ya Mkazi Wokana Tiyi, Ya Gitala Yachimfine, Ya Nsapato Zofiira. Ogulitsa nzimbe ndi anyamata onyamula katundu kusiteshoni ankadzaza pamenepo n'kumakangana mpaka thovu kukamwa, eni ake ali phee, akusoka.

Envulopu ya boma ija inandithera tsiku lomwe anandituma kukwawira pansi pa makina kukatola singano. Ndinapezako zitini khumi zili pamzere, muli njere za thonje, china chodzaza, china zitatu zokha.

"Wailesi ndi yabodza, mwanache," anatero. "Imaimba zomwe aiuza. Ine ndimawerenga pakamwa pa anthu. Munthu akadutsa apa akuimba, iye osadziwa kuti akuimba, njere imodzi m'chitini. Chitini chikatha sabata chili mbee, nyimboyo ndimafufuta."

Kundiuza ine zimenezo kunali ngati kuonetsa mbuzi pomwe mpanda wathyoka. Ndinapangana ndi mnzanga Bonifasi kuti tikweze Ya Gitala Yachimfine. Tinadutsa pakhondepo kasanu ndi kawiri tsiku limodzi, tikusinthana malaya, penanso nditavala chipewa cha bambo anga mpaka m'maso. Lachisanu nyimbo yathu sinasunthe olo pang'ono.

"Chipewa cha bambo ako chadutsa katatu," anatero osadzutsa mutu, "koma mawu achule ndi omwe aja. Nyimbo yoimbira telala siwerengedwa."

Panali nyimbo imodzi yomwe inkakwiyitsa anyamata a kusiteshoni, Ya Nsapato Zofiira ija. Wailesi inali itaisiya kalekale, koma pa bolodi sinkatsika kupitirira nambala 3. Chifukwa chake anali Abiti Juma, akazi awo a Che Saidi, omwe ankasita zovala pakhonde pomwepo. Akangopemerera makala, nyimbo ija inkatuluka yokha, m'mawa, masana, mpaka njere kusefukira.

"Kukondera uku, Che Saidi!" ankatero anyamata aja.

"Iyayi. Kaaletseni nokha ngati muli ndi mtima," ankayankha, ndipo panalibe wolimba mtima.

Chaka china mvula ili pakati Abiti Juma anadwala masiku ochepa chabe n'kutisiya. Bolodi linakhala masabata angapo osakhudzidwa, choko chikuchucha ndi chinyezi. Atayambanso kulemba, Ya Nsapato Zofiira inachoka pa 3 kufika pa 6. Sabata yotsatira pa 9. Kenako pa 10, ndipo inatsala pamenepo chifukwa cha mayi wina wachilendo yemwe anadutsa nayo pakamwa atasenza mtolo wa nkhuni. Mikangano ija inatha. Anthu ankangoima, kuyang'ana mzere wapansiwo, n'kupitirira.

Lachinayi la sabata inayo ndinasuzumira pansi pa makina. Chitini chakumapeto chinali mbee.

Lachisanu m'mawa ndinanyamula khasu paphewa, ndikuyenda ngati munthu wotanganidwa, maso kutsogolo, n'kuyamba kuimba Ya Nsapato Zofiira ndili patali kuti zioneke ngati zangondibwerera. Nditafika pakhondepo makina anaima.

"Bwera kuno, mwanache. Munda wa bambo ako uli kuseri kwa nyumba yanu. Khasulo ukukalima njanji?"

Ndinatsitsa khasu. "Njere imodzi yokha, Che Saidi. Palibe adziwe."

"Ine ndidziwa."

"Nanga bwanji osaimba nokha?"

"Ndayesa. Koma ine ndikamaimba ndimadziwa chomwe ndikuimbira." Anayang'ana nsimbi yomwe inali pakona, yozizira, muli phulusa lakale. "Abiti Juma sankaimbira bolodi. Ndikaika njere yabodza m'chitini chawo, zonse zomwe anadzaza zija zisanduka zabodza."

Masana atachoka kumzikiti ananyowetsa kansanza. Anthu anali ambiri tsiku limenelo, koma olo wotsokomola panalibe. Anafufuta mzere wapansiwo pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto, n'kulembapo nyimbo ina yatsopano ya achinyamata, muvi wake woloza kumwamba. Anthu atabalalika anandikodola.

"Ndime yachiwiri ija unalakwitsa. Imayenda chonchi."

Anandiimbira yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi mawu aang'ono osasa omwe ndinali ndisanawamvepo. Atamaliza anaponda makina n'kupitiriza kusoka yunifomu ya mwana wa munthu.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga anandionetsa pa foni mndandanda womwe iye ndi anzake amapanga sabata iliyonse. Akuti amavota, ndipo mmodzi akhoza kuvota kakhumi, palibe woona chipewa. Ndinasimbira anawo za Che Saidi pomwe tinkadya mgonero, n'kumaliza ndi nkhope ya maliro kuti nyimbo ija inafa Lachisanu lomwelo, sindinaimvenso pakamwa pa munthu aliyense.

Akazi anga anadikira mpaka ana atapita. Akumanga neti anati:

"Bambo a Esinati, bodza lina muziopa Mulungu. Nanga chija mumalira kubafa m'mawa uliwonse, cha nsapato zofiira, n'chiyani? Kuyambira tsiku lomwe munabwera pakhomo pano nkhuku zanga sizinapumepo. Ndikanakhala ndi chitini ine, bwenzi thonje lonse la ku Balaka litatha."