Galimoto ya Atate Inafera pa Njerwa

Mng'ono wanga anayamba misala ya magalimoto m'zaka za chipani chimodzi, nthawi yomwe sopo ndi mafuta ophikira tinkaimira pamzere, ndipo tayala latsopano unkangolimva m'nkhani. Kuseri kwa Makeni, mu Lusaka, kunali bwalo la dothi lofiira kumene anyamata ankatsetsereketsa magalimoto chammbali masana a Loweruka, tsiku lomwe m'tauni timati Chibelu. Ankalowa pakona mothamanga n'kukoka handibuleki, kumbuyo kwa galimoto n'kumatsogola, fumbi lili koboo. Iye ankaonerera mpaka malaya kufiira. Atalembedwa ntchito ya ukalaliki m'tauni, anati naye akufuna yake.

Ine ndinali makaniko kumafakitale, ndipo ndivomere kuti ndinkakonda kufunsidwa nzeru. Lamulungu lina titachokera kutchalitchi tinakhala pakhonde kwathu ku Kabwata, iye n'kuyamba.

"Akulu, nipatseniko nzelu. Kuli muzungu ku Kabulonga abwelela kwao, agulitsa motoka yowama maningi."

"Iyo isiye," ndinatero. "Ikafa uzapeza kuti masipeya? Motoka isakhale yeka monga mwana wamasiye. Yenda mumakomboni, uone mutundu wamene wafa maningi pa mayadi. Ndiye ugule, chifukwa yakufa izadyesa yamoyo."

Ndinapitiriza ngati mlaliki. Ikhale yokankha ndi mawilo akumbuyo, chifukwa yokoka ndi akutsogolo imangolima dothi. Ikhale ya magiya apamanja, yopepuka, injini yaing'ono yosakuposa nzeru. Matayala ake akhale aja opezeka ngakhale akutha kale. Ndipo ikhale yoti inaphwanyikapo, kuti tsiku logunda dramu pabwalo paja usalire.

Mnyamatayo ankangogwedeza mutu, koma maso sanali pa ine. Ankayang'ana pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene panaima galimoto ya malemu atate. Inali yabuluu, yaing'ono, ya mtundu womwe unali mbwee mu Lusaka, chitseko chakumanzere chopindika kuchokera tsiku lomwe anagunda chipata cha tchalitchi. Chimwalirire iwo chaka chapitacho, palibe anaiyendetsa. Zonse ndinatchulazo zinali pa iyo, ndipo ndinali nditaifotokoza ndekha osazindikira.

"Nanga ya atate?" anafunsa motsitsa mawu.

M'galimoto imeneyo ndi mmene atate anandiphunzitsira kuponda kilachi, akundimenya bondo ndi nyuzipepala. Mpando unali udakali wolowa pamene ankakhala. Kuiganizira ikuzunguliridwa m'fumbi ndi anyamata oimba mluzu, ndinakana mumtima. Koma m'malo monena kuti ndikuwasowa atate, ndinanama kuti inachita dzimbiri.

"Iyo yaola pansi. Nguwe yadya chisulo. Ingakupaye pa kona yoyamba."

Mng'ono wanga ankadziwa kuti ndinalowa pansi pake kuiyendera ndekha mwezi womwewo ndipo ndinaitama kuti ndi yolimba. Sanatsutse, poti kwathu wamng'ono satsutsa mkulu pamaso pa amayi, ndipo amayi anali pomwepo akusankha nyemba. Nawonso sanadzutse mutu.

Anakagula ya mzungu ija. Inali yokongoladi, ndipo ku Makeni inapitako katatu. Kachitatu giyabokosi inathyoka dzino. Tinafunafuna ina m'magalaja onse mpaka ku Chelstone, osaipeza. Inathera kuseri kwa nyumba ya mnzake, ndipo iye sanabwererenso kubwalo lija. Sanandinenepo chilichonse, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ya atate ndinaikweza pa njerwa kuti matayala asaphwe. Poyamba ndinkailiza Loweruka lililonse, kenaka mwezi ndi mwezi, kenaka batire inafa. Nyengo ya mvula inadza kasanu, masamba akuunjikana pansi pake n'kumasunga chinyontho. Nditakwatira n'kusamukira ku Woodlands, amayi anati ndiichotse chifukwa munkabisala makoswe.

Tinabwera tonse awiri ndi mng'ono wanga kuti tiitsitse. Iye analowetsa jeke pansi n'kuyamba kupopa. Galimoto sinakwere. Jeke inangoboola chitsulo n'kulowa m'kati, dzimbiri likuyoyoka ngati gaga.

Anakhala pansi n'kupukuta manja pa thalauza.

"Akulu," anatero, "mukananipasa chabe. Ngakhale Chibelu chimozi."

Tinakhala pamenepo awiriwiri mpaka lole yodzainyamula inafika.