Thumba Lopanda Mwini pa Mzere wa Chimanga

Mpaka lero ndikakwera minibasi n'kumva kaphokoso ka gemu pa foni ya munthu, kaja kolira tiii-tiii, ndimangofuna kutsika pomwepo. Sindidana ndi mwini foniyo, sindimudziwa n'komwe. Ndimangonyansidwa basi, ndipo nseru imeneyi ndinaitola pa Balaka chaka china cha njala.

Chaka chimenecho kwathu ku Utale mvula inatinamiza. Nkhokwe zinatha dzinja lisanafike. Tinadya mango aawisi owiritsa mpaka m'mitengo munatsala masamba okhaokha, kenako tinatembenukira ku mizu ya nthochi. Akuluakulufe tinkapirira, koma mwana wanga wamkazi, amene anali atangosiya kuyamwa, thupi linayamba kumukana. Tsitsi linafiira, timapazi tinatupa, moti ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Kuchipatala anandiuza mosapita m'mbali kuti mwanayo sakufuna mankhwala, akufuna phala. Ndiye tinagulitsa mbuzi yathu yotsiriza, pamtengo wochititsa manyazi kuutchula, kuti tikagule chimanga kudepoti ya pa Balaka, kumene mphekesera inali yoti kukubwera lole.

Mwamuna wanga anali wa ku Chikweo, ku Machinga, ndipo kwathu anadzakhala chikamwini. Ndisamunamizire, sanali chidakwa ndipo sanandikwezerepo dzanja. Matenda ake anali m'maso. Chinthu chachilendo chikangodutsa, kaya thirakitala, kaya munthu wonyamula wailesi, khasu ankalisiya chiimire pamzere n'kutsatira, pakamwa pali yasa. Pa chibwenzi ndinkati ndi munthu wansangala. Njala ndi imene inandiuza dzina lenileni la khalidwelo.

Pa depotipo panali mizere iwiri, wa amuna ndi wa akazi, ndipo mlonda ankalowetsa anthu mosinthanitsa. Chimanga chinkabwera chochepa, kotero amene ali kumchira ankadziwiratu kuti wangoperekeza anzake. Mzere wa amuna unali ndi lamulo lake. Munthu akafika ankayala thumba lake pansi n'kulitsindira ndi mwala, ndipo thumbalo ndi limene linkamusungira malo, mwiniwake ali phee pamthunzi. Koma lole ikangolowa, mlonda ankayenda ndi ndodo kuyambira pageti, ndipo thumba lililonse limene mwini wake sanaime pambali pake ankalikankhira m'ngalande. Panalibe zokambirana, aliyense ankalidziwa lamulolo. Ife akazi za miyalazo tinali titazisiya chifukwa cha ndewu. Tinkaima chogwirana m'chiuno, ndipo ukangochoka, mpata unkatsekeka nthawi yomweyo.

Mwamuna wanga anatsogola pa njinga n'kukagona komweko, ndipo thumba lake linapeza malo abwino, pafupi ndithu ndi geti. Ine ndinatsatira wapansi m'mawa mwake, kulondola njanji, mwana nditasiyira mayi anga. Ndinafika dzuwa litakwera, mzere wa akazi utawoloka kale msewu n'kukhota. Malo amene ndinapeza anali ongotaya nthawi, koma ndinaimabe poti mwina. Phala la mwana wanga linali pa thumba lija, ndipo pamene ndinaimapo ndinkatha kuliona bwinobwino, lobiriwira, lokhala ndi chigamba chimene ndinasoka ndekha.

Tsoka lake, pafupi ndi pamene ndinaimapo, pansi pa mtengo wa mthethe, panali venda wa ku Liwonde atayala malonda ake. Anali ndi matochi, mawotchi, timagalasi, ndiye pakati anandandalika tinthu timene ndinali ndisanationepo. Kanthu kake kanali kotalika ngati sopo wochapira, kagalasi kotuwa pamwamba, timabatani tachikasu m'munsi. Ankati ndi gemu ya m'manja. Kamodzi anali atakamangirira chingwe n'kudzimanga nacho pamkono, ndipo ankakatcha kolawitsa, ngati mmene wogulitsa mtedza amakupatsira njere ziwiri kuti ukopeke. Aliyense ankaloledwa kusewera kwaulere mpaka atalephera, akatero n'kupatsa mnzake.

Amuna onse a miyala aja, poti analibe chochita, anathera pamenepo. Wanga anali kutsogolo.

"Achimwene, kulawa n'kwaulere," anatero vendayo. "Wallahi, muno muli magemu ochuluka kuposa nsomba za m'Chiuta."

Panali bambo wina amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, atavala jekete yachikopa dzuwa lili ng'aa. Ameneyo ndiye anadzisandutsa mphunzitsi. "Iyayi, aise, usatipusitse," anamuyankha. "Magemu ake ndi omwewomwewo. Njerwa zogwa, mpikisano wa galimoto, njoka yodya timadontho, basi. Enawo angowonjezera liwiro kuti muziti ndi atsopano. Kumene ndinali ine kuli yeniyeni, yoonetsa mitundu. Umalowetsa kakaseti kumbuyo, gemu iliyonse kakaseti kakekake."

"Nanga imeneyo mtengo wake?" anafunsa mwamuna wanga, maso ali gaa.

"Mtengo wa ng'ombe, bambo. Ndipo makasetiwo umagula padera."

Onse anaimba mluzu, kugwedeza mitu mwaulemu ngati amva uthenga wa maliro a munthu wamkulu. Kenako anatembenukira vendayo kuti iye wakweza mtengo, ku Limbe kotereka n'kotsika. Iye anati ku Limbe amakupatsa kopanda mabatire, ndiye muwerengere ndi basi yopita ndi yobwera. Wina anati mabatire si nkhani, ukawayanika padzuwa amadzuka. Wina anati iyayi, umawaluma pang'ono m'mbali, amagwira ntchito sabata yathunthu. Anakangana za kuluma mabatire mpaka thovu kukamwa. Atatopa nazo anayamba kutsutsana kuti gemu yanzeru ndi iti, ya njerwa kapena ya galimoto, wa ku Joni uja akuti ya galimoto ndi ya ana.

Ndinkawayang'ana anthu amenewa ine. Mafupa a m'khosi ali poyera, mathalauza omanga ndi luzi chifukwa malamba anali atasowa pobowola, milomo yong'aluka. Panalibe ngakhale mmodzi amene akanagula kanthuko, ndipo onse ankadziwa, vendayonso ankadziwa. Koma ankanenerera mtengo ndi mtima wonse, ngati kwawo asiya ana okhuta. Mayi amene anandigwira m'chiuno, wachikulire wa ku Kawinga, anandinong'oneza kuti, "Asiyeni, mwanawe, akuiwalirapo njala." Mwina ankanena zoona. Kungoti ine njala yanga ndinali nditaisiya kunyumba ili ndi mapazi otupa, ndipo sindinkafuna kuti wina aiiwale.

Kolawitsa kaja kanayenda m'manja mwa anthu. Ambiri sankachedwa nako, njerwa zinkawadzadzira pagalasi, kanthuko n'kulira kanyimbo kowaseka, anzawo n'kuwakuwiza. Wa ku Joni uja, ndi maphunziro ake onse, analephera msanga kuposa aliyense, n'kunena kuti mabatani ake ndi olimba. Kenako kanafika kwa mwamuna wanga.

"Bambo a mwana," ndinamuitana mwaulemu, poti panali anthu. "Thumba lanu lili lokha uko."

"Lili ndi mwala, mayi. Ndingolawa."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anali katswiri. Munthu amene mzere wa m'munda ankaukhotetsa ngati njira ya woledzera, njerwa za pagalasizo ankaziyala mwaluso, zikugwa, zikusowa, zikugwa, zikusowa. Amuna aja anamuunjirira, mitu kugundana. Vendayo ataona kuti gulu lakula, analengeza kuti mwamuna wanga akangoposa pamene iye mwini anafika, amupatsa mabatire aulere akadzagula. Akadzagula! Ndi chiyani, ndi mbuzi iti? Koma mwamuna wanga anamva ngati amulonjeza munda wa kudimba. Lilime linatuluka pakona pa mlomo, zala zikuvina.

Ndiye lole inatulukira. Tinayamba kuimva isanaoneke, ndipo mzere wathu wonse unagwedezeka, aliyense kukokera mnzake pafupi. Amuna aja anangoti balala, kuthamangira ku miyala yawo. Wa ku Joni uja anathamanga mpaka jekete kuuluka. Pansi pa mthethe panatsala anthu awiri, venda ndi mwamuna wanga, atalumikizana ndi chingwe ngati mbuzi ndi chikhomo.

"Bambo a mwana, lole!"

"Ndamva, ndamva. Aise, kamaima bwanji aka?"

"Koimitsira kanafa, achimwene," anatero vendayo. "Mukakasiya ndiye mwasiya. Komatu mwatsala pang'ono."

Geti linatsegulidwa, lole inalowa chobwerera m'mbuyo. Mlonda anatuluka ndi ndodo yake. Ndinafuna kudumpha kuti ndikaime ndekha pathumbapo, koma mkazi pa mzere wa amuna sankawerengedwa, ndipo mayi wa ku Kawinga uja anandikanikiza m'chiuno. "Mukachoka mutaya malo onse awiri," anatero. Pamenepo ulemu unandithera. Chikwatiwire ndinali ndisanamutchulepo mwamuna wanga kuti iwe, ngakhale m'nyumba muli awiri. Tsiku limenelo ndinakuwa pamaso pa Balaka yense.

"Iwe! Taya chinthucho! Mwana akufa kunyumba, iwe!"

Akazi anatembenuka, ena anagwira pakamwa. Iye sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Kamodzi kokha aka," mapazi akupondaponda ngati mwana wofuna kukodza, thupi likufuna kuthamanga koma manja atakana.

Ndinaona ndi maso angawa ndodo ikufika pa thumba lobiriwira lija. Mlondayo sanachite nkhanza. Anaima, anayang'ana uku ndi uku, anafunsa kuti mwini wake ndani. Amuna amene ankamuchemerera posachedwapa aja aliyense anangoyang'ana kumwamba, poti thumba likachoka onse a m'mbuyo amasendera kutsogolo. Ndodo inakankha mwala, inanyamula thumba, n'kuliponya m'ngalande. Ndipo nthawi yomweyo kumbali kwangaku kanyimbo kaja kanalira. Njerwa zinali zitamudzadzira. Sanamupose n'komwe vendayo.

Anathamanga tsopano, liwiro la mtondo wadooka, kukachonderera. Anagwada, analoza ngalande, analoza ine. Palibe anamutsegulira mpata. Anatola thumba lake lonyowa ndi matope n'kukaima kumchira, kumene ngakhale fungo la chimanga silinkafika. Dzuwa lisanapendeke geti linatsekedwa, ine ndisanawoloke n'komwe msewu.

Ndalama ya mbuzi ija inathera pa madeya onunkha chuku amene tinagula kuseri kwa chigayo, ongokwana pansi pa thumba. Pobwerera anandikweza pa kaliyala, ndipo tinayenda mtunda wautali osalankhulana. Ndinkaganiza kuti manyazi amugwira, ndipo mtima wanga unayamba kufewa pang'ono, poti munthu ukakhala naye umamumvera chisoni ngakhale usakufuna. Kenako ndinamva akung'ung'udza. Kanali kanyimbo ka gemu kaja. Atazindikira kuti ndamva anasiya, n'kunena motsitsa mawu, ngati akundipepesa, "Komatu mayi, ndinatsala pang'ono kumuposa."

Ndinamuuza kuti aime. Ndinatsika, ndinagwada m'mbali mwa njira kuti ndisanze, koma m'mimba munalibe chotuluka. Ndinangolavula malovu owawa. Ndinasenza madeya aja pamutu n'kuyenda wapansi mpaka ku Utale, iye akukankha njinga m'mbuyo mwanga.

Phala la madeyawo mwana linamutsegula m'mimba. Ndinamubereka kupita naye kuchipatala cha mishoni, kumene anatigoneka m'chipinda cha ana otupa, ndipo tinakhalako mpaka chimanga cha m'munda chinayamba kukhwima. Anzathu ena a m'chipindamo anatuluka ndi nsalu yokhayokha kumsana. Wanga anachira, ngakhale anachedwa kuyenda, ndipo mpaka pano ndi wamng'ono thupi kuposa abale ake onse. Bambo ake ankabwera kudzationa, sindikana, ndipo ankalira misozi yeniyeni. Koma akamugwira mwanayo, ine ndinkangoona zala zija, ndipo nseru inkabweranso.

Titatuluka ndinapita kwa amalume anga, amene anali ankhoswe a ukwati wathu. Anayesa kundikhazika mtima pansi. Anati mwamuna samenya, samwa, sayenda ndi akazi, ndiye mlandu wake tikautchula chiyani kwa abale ake a ku Chikweo? Ndinati mukawauze kuti mwana wawo ndi katswiri. Anakambirana okhaokha mbali zonse ziwiri, ndipo poti mudzi ndi wathu, nyumba ndi yanga, wochoka ankadziwika.

Thumba lobiriwira lija ndinalichapa bwinobwino. Ndinaikamo malaya ake, thalauza la ku tchalitchi, lezala ndi pampu ya njinga. M'mawa iye atapita kumunda ndinalinyamula n'kukaliika pamphambano ya njira yotulukira m'mudzi, ndipo pamwamba pake ndinatsindirapo mwala. Ndinabwerera n'kukhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, ndikumumwetsa phala la chimanga chatsopano.

Pochokera kumunda analiona. Anaima pambali pake nthawi yaitali, khasu lili paphewa, osasuntha, ngati mmene lamulo lija linkafunira.