Tsiku Limene Agogo Anasowa Vesi

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la polishi wofiira wa pansi, ndipo m'makutu mwanga mumalira mulu wa makiyi amene ankalendewera pa lamba wawo. Tinkakhala nawo ku Kabwata m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ine, amayi ndi mchimwene wanga Yona. Agogo anachoka ku Katete akadali mnyamata, koma Chichewa chawo Lusaka inalephera kuchisungunula.

Kutchalitchi kwathu agogo ndiwo anali manja ndi miyendo. Lamulungu ankalawirira kukatsegula zitseko, kupukuta pansi mpaka pochita kuterera, kuyala mabenchi ndi kuimba belu. Mapemphero akayamba ankatuluka panja kukalozera magalimoto a anthu a ku Woodlands poima, kukalipira ana aphokoso ndi kulondera njinga. Anthu ankati, "Ba Phiri bakadwala, tizapemphelela panja." Iwo akamva ankanamizira kukwiya, koma mumtima zinkawakomera.

Kunyumba anali ndi lamulo louma. Lamulungu masana, mwana aliyense asanagwire mbale ankayenera kunena vesi limene abusa awerenga. Wolephera ankadya pomalizira, nkhuku itatsala khosi lokha.

Lamulungu lina, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinathera ulaliki wonse ndikusewera ndi mabatani a diresi langa latsopano. Amayi sanapite tsikulo chifukwa mutu unkawapweteka, ndipo titafika patebulo Yona ankangotuluka thukuta, kusonyeza kuti nayenso analibe kanthu. Agogo anayambira ine. Ndinali mwana wapakamwa, choncho m'malo moyankha ndinati, "Nanga imwe agogo, abusa bakamba vesi bwanji lelo?"

Amayi anandiponyera diso loti tionana. Agogo anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Naphiri, kodi sabata latha abusa analalikira za chiyani?"

"Za Marita ndi Mariya, atate."

"Nanga sabata linalo?"

Amayi anawauzanso, koma nkhope ya agogo inasonyeza kuti zonsezo zinali zachilendo kwa iwo.

"Ha!" anatero agogo motsitsa mawu. "Ndasanduka mlonda wa pakhomo, Mwini nyumba akulankhula ine osamumva. Ndipo sindikudziwa kuti zinayamba liti."

Anakankhira mbale ya ndiwo kwa ife. Tsiku limenelo amene anadya khosi anali iwo, ndipo ine nyama sinanditsikire bwino chifukwa cha manyazi.

Sabata lotsatira anagawira akulu ampingo anzawo makiyi, n'kungotsala ndi ntchito ya belu. Ena anaganiza kuti akwiya ndi abusa, ena ankati ukalamba wawapeza. Iwo anakhala pa benchi lachitatu, Baibulo pamaondo, ine pambali pawo. Galimoto ikaliza hutala panja, thupi lawo lonse linkadzidzimuka, khosi n'kutembenukira kukhomo, koma ankagwira benchi mwamphamvu ngati munthu wokwera minibasi yothamanga. Zinawatengera miyezi kuti azolowere kungokhala n'kumamvetsera.

Lero ndimakhala ku Chelstone, ndipo ndine wa chigwirizano cha amayi. Ntchito ya mpingo imakoma, sindingabise. Alendo akachuluka ndimatha Malamulungu atatu otsatizana ndili kuseri ndi miphika, anthu akundiyamikira, ine pemphero langa likufupikirafupikira. Ndikazindikira zimenezo ndimasiyira mnzanga mthiko, ndimasamba m'manja n'kulowa, ngakhale ulaliki uli pakati.

Agogo anatisiya kalekale, koma chimene ndimawathokozera kwambiri ndi ichi. Patebulo paja panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa vesi la tsikulo. Akanangotchula Salimo lililonse, tonse tikanavomera, ndipo ulemu wawo ukanatsala wathunthu. Koma anasankha kuchita manyazi pamaso pa kamtsikana kamwano kusiyana ndi kunamiza Mulungu wawo.