Chuku cha M'chipinda cha Mtisunge

A Clara ndi mayi woti ukalowa m'nyumba mwawo umachita manyazi ndi nsapato zako. Anakulira ku Chilomoni, kumene mtsikana amasesa pakhomo asanasukusule, ndipo khalidwe limenelo anafika nalo mpaka ku Rotherham, kutsidya kwa nyanja. Amagwira ntchito yosamalira okalamba. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, Mtisunge, m'nyumba ya khonsolo, m'dera limene akuti kale linali lonyaditsa, la kapinga ndi mabwalo a ana. Lero mashopu anatsekedwa, basi imabwera ikafuna, ndipo makoma amachita kutuluka thukuta.

Chuku chinayamba pakona m'chipinda cha Mtisunge, chakuda bii, n'kukwera mpaka kudenga. Mphumu ya mwanayo inakula. Adokotala sanabise mawu: nyumba imeneyo imupweteka mwana. A Clara anaimba foni ku ofesi ya nyumba mpaka khutu kutentha. Nyengo yozizira inatha, ina n'kubweranso, ndiye a ku ofesi anati atumiza munthu adzaone. Akapeza kuti chuku n'chambiri, awasamutsira m'nyumba youma.

Apa ndiye popsetsa mtima. Kwa a Clara, aliyense wofika pakhomo ndi mlendo, ndipo mlendo saonetsedwa uve. Anapempha tchuthi kuntchito, anamanga chitenje, anakwecha khomalo ndi bulashi mpaka manja kusupuka, n'kulipaka penti woyera.

"Mum, leave it. They need to see it," anatero Mtisunge, amene Chichewa amangomva koma sayankhula.

"Iwe, ukufuna akatinene kuti ndife auve? Tachoka apo."

Bambo wa ku ofesi uja anabwera, anamwa tiyi, anadya mandasi, n'kukasuzumira m'chipindamo. Anayamikira ukhondo, n'kunena kuti vuto sakuliona, azingotsekula mawindo. Mawindo! Mu Januwale, kunja kuli chisanu cholasa m'mafupa! Munthu wamkulu, fungo la penti lili guu, osafunsa n'komwe chifukwa chake khoma limodzi lokha likuwala. A Clara anayesa kufotokoza kuti angotsuka kumene, iye ali kale pakhomo akuvala jekete.

Mwezi usanathe chuku chinatulukiranso pamwamba pa penti. Ku ofesi anati nkhani yawo inatsekedwa, ayambirenso pamzere.

"Ndinalakwa chiyani, kutsuka?" amafunsa a Clara mwaukali. "Nyumba inawola ndisanabadwe, koma wopusa ndakhala ine."

A Clara anamusamutsira Mtisunge pabalaza, ngakhale kuti chinyezi chafikanso pomwepo. M'mawa uliwonse a Clara amatsekula chipinda chija, manja n'kumayabwa kufuna bulashi, amayang'ana n'kutsekanso. Mayi amene sanagonepo mbale zili zosatsuka akuweta chuku ngati nkhuku, kuti mlendo akadzabweranso adzachipeze chitakula bwino. Pabalazapo Mtisunge akutsokomolabe.