Njinga saphunzirira pa bolodi, Lusubilo

Lusubilo munyane, mnzanga wapamtima, lero ndakukumbuka mpaka misozi. Mwana wanga Tawonga wabwera kuchokera kusekondale ndi masamba odzaza mizere ya pulogalamu ya kompyuta, yokopera pa bolodi. Ndamufunsa ngati anaiyesa pa kompyuta, wati chipinda cha makompyuta amachitsegula kukabwera alendo basi. Zomwe zija za ife ku Uliwa! Ukukumbuka makompyuta aja kumbuyo kwa kalasi, atafunditsidwa zitenje ngati odwala malungo, ife tikuloweza zinthu zomwe sitinazionepo zikugwira ntchito? Tsiku lija unaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi inuyo njinga munaphunzirira pa bolodi?" Tonse tinafa ndi phwete. Anakupatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala padzuwa la Karonga lija. Pobwerera, matuza ali m'manja, unalunjika kumbuyo n'kuvundukula chitenje chimodzi, aphunzitsi akuona.

Matenda anakutenga tili Fomu 4, usanayatsepo kompyuta ndi kamodzi komwe. Ndiye lero makolo ena pagulu lathu la pafoni akuti makompyuta amaononga atsikana, bola aziloweza choncho, mayeso akhoza. Ayi ndithu. Andipeza Lachisanu kumsonkhano wa makolo. Funso lako lija ndikalifunsa mokweza, ndipo sindikakhala pansi mpaka kiyi wa chipindacho atatuluka. Chibalo sangandipatse, ndinakula ine. Gona bwino, munyane. Zitenje zotsalazo ndikavundukula ndine.