Masoketi a M'chipinda cha Fodya

Nyumba yanga ili kumapeto kwa tauni ya Kasungu, pomwe mipanda ya njerwa imathera n'kuyamba minda. Tinaimanga ndi malemu amuna anga ndi ndalama za fodya wa ku Lisasadzi. Magetsi anatikokera ndi msuweni wawo wina amene ankati palibe chomwe sadziwa, ndipo anatisiyira soketi imodzi yokha, pabalaza, kuseri kwa kabati. Wailesi, foni ndi ayironi zinkadikirana pamenepo ngati amayi pa mjigo. Amuna anga atamwalira sindinaonenso vuto, chifukwa munthu mmodzi soketi imodzi imamukwana.

Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni. Anakwatira komweko, ndipo mdzukulu wanga wamkazi ndimangomuonera pa foni. Chaka chimene mwanayo anayamba kukwawa, bambo ake anandiimbira kuti abwera onse atatu pa Khirisimasi.

"Koma amayi, mukonzetse magetsi," anatero. "Mawaya aja ine sindiwakhulupirira, ndipo mpongozi wanu ali ndi tinthu tambiri tofuna moto."

Ndinamukumbutsa kuti mawaya omwewo ndi amene anamuunikira mpaka anamaliza sukulu. Koma foni itangoduka ndinavala nsapato n'kupita kukafunsa za wamagetsi. Amayi ena a kumpingo anandilozera bambo wina wochokera cha ku Nkhamenya, amene anakonza magetsi a m'nyumba ya abusa.

Anabwera m'mawa pa kabaza, chikwama cha zida chili pamiyendo. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi za apo ndi apo, ndipo Chichewa chake chinkapendekera ku Chitumbuka. Anakwera mu siling'i, n'kutsika ali fumbi lokhalokha, atanyamula waya wosendeka.

"Amama, Mulungu amakukondani. Makoswe akhala akudya mawaya anu ngati chinangwa."

Ntchito inatenga masiku angapo. Ankagoba makoma, kuyala timapaipi, kulowetsamo mawaya atsopano. Ine ndinkamuphikira tiyi ndi mbatata, ndipo tsiku loyamba ndinapeza kuti kapu yachiwiri inali itakutidwa ndi ukonde wa kangaude m'kabati. Ndinkakhala pa mpando pafupi ndi makwerero ake n'kumamulongololera nkhani za mitengo ya fodya, za maondo anga, za mbuzi za aneba. Iye ankangoti "eya, eya" msomali uli kukamwa. Ndikudziwa kuti ndinamutopetsa. Ndinali nditasungulumwa kwambiri, ndipo sindinadziwe kukula kwa kusungulumwako mpaka m'nyumba mutamvekanso kutsokomola kwa munthu wina.

Chipinda chomaliza chinali chakumbuyo, chomwe tinkasungiramo mabelo a fodya podikira galimoto. Mpaka lero mvula ikagwa mumamveka fungo lake. Ndinali nditachikolopa kale, n'kuikamo bedi ndi makatani atsopano. Wamagetsi uja anaima pakati pa chipindacho ndi pensulo kukhutu.

"Muno muzigona ndani, amama?"

Ndinamuuza kuti mwana wanga, mkazi wake ndi kamwana kawo kokwawa.

"Ndiye masoketi tisaike pansi. Ana okwawa amalowetsa zala paliponse. Tiike pomwe sangafikire ngakhale ataimirira chogwira khoma. Wafika pati msinkhu?"

Ndinatambasula dzanja, chikhatho choyang'ana pansi, ndikuganizira chithunzi cha pa foni. Bambo uja anaseka.

"Aa, amama, mukuyeza mbuzi kodi? Mumupinimbiza mdzukulu wanu."

Ndinaseka nanenso, chifukwa ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti munthu timamuyeza zala zitaloza kumwamba, kuti azikulabe. Ndinatembenuza dzanja. Koma litatembenuka linangoyandama, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Pa foni mwana amakhala wamkulu ngati chala changa chachikulu, ndipo ndinali ndisanamunyamulepo.

"Sindikudziwa, bambo," ndinatero. "Sindinamuonepo."

Sanandifunse zambiri. Anayang'ana khoma, kenako analemba mzere pafupi ndi chifuwa changa.

"Apa safikapo chaka chino, ngakhale cha mawa."

Anaika masoketi awiri pamenepo, oyera mbee, wina pafupi ndi bedi, wina pafupi ndi zenera. Atamaliza tinayesa onse ndi wailesi, chipinda ndi chipinda, ndipo nyumba yonse inayankha. Ananyamula chikwama chake, ine n'kumuperekeza mpaka pa msewu, kupitirira pomwe mlendo wamba amaperekezedwera.

Khirisimasi imeneyo mwana wanga ndi banja lake sanabwere. Anati mapepala a mwana sanatuluke. Chaka chotsatira anati kuntchito amukaniza tchuthi, china anati ulendo wakwera mtengo. Sindikuti amanama. Koma ndinasiya kugula mpunga wambiri mwezi wa Disembala.

Wamagetsi uja ndinakumana naye kamodzi pa msika wa boma, akugula mababu. Anandizindikira n'kundifunsa ngati alendo aja anasangalala ndi chipinda chawo. Ndinamuyankha kuti masoketi akugwira bwino ntchito, ndipo iye anagwedeza mutu osafunsanso.

Akugwiradi. Nthawi zina ndimakatchajira foni m'menemo dala, kuti asachite dzimbiri, ndipo ndimakhala pa bedi lija kudikira. Ndinali m'chipinda chomwecho mwezi watha pamene mwana wanga anaimba pa vidiyo kuti ndione mdzukulu wanga atavala yunifolomu ya sukulu. Anamuimika pafupi ndi chitseko, ndipo mutu wake unali utapitirira chogwirira. Mdzukuluyo anandipatsa moni m'Chingerezi, n'kuthawira kukasewera.

Foni itaduka ndinaimirira, n'kuimika dzanja langa pakhoma, zala zitaloza kumwamba, pa msinkhu umene ndinauona. Zala zanga zinagunda soketi.